Tizilombo M'nyumba ya Mayi Ukhondo

Anthu ankawatchula kuti a Belu chifukwa ndiwo ankaliza belu la kutchalitchi kuyambira ali ndi tsitsi lakuda. Kenako mpingo unagula zokuzira mawu, ndipo mlembi wa mpingo anayamba kuliza belu pongodina batani, ali chikhalire. Chingwe chija anachipinda n'kuchiika m'kabati. A Belu anatsala ndi dzina, makutu ogontha pang'ono, ndi kamunda ka kuseri kwa nyumba.

Kamundako kanali kotopa kuposa mwini wake. Chaka chapitacho anadzalamo soya, masamba ake n'kutuluka achikasu ngati akudwala. Zokolola zonse anabwera nazo m'nyumba m'chipewa, ndipo m'chipewamo munatsala malo a mutu. Komabe m'mawa uliwonse ankapitako ndi khasu, akuimba chapansipansi, n'kubwerako ndi matope mpaka m'maondo.

Matopewo ndiwo anali mlandu. Akazi awo ankadziwika ndi dzina lakuti Mayi Ukhondo. Anagwira ntchito yokolopa m'chipatala mpaka kupuma, ndipo ankadana ndi tizilombo monga momwe munthu wolungama amadanira ndi tchimo. Anthu ankati ntchentche ikafuna kulowa m'nyumba mwawo inkayamba yapukuta mapazi.

Tsiku lina mwana wawo, woyendetsa lole, anabwera ndi nzeru.

"Ababa, kamunda aka kakukudyerani mphamvu pachabe. Tithirepo simenti, ndiziimikapo lole. Amayi nawo apume kukolopa."

"Walira mvula walira matope," anatero a Belu.

"Mvulayo mumalira ndinu, matope n'kumakolopa ine," anayankha Mayi Ukhondo. Ananyamula beseni lawo lalikulu lochapira n'kuliika pakati pa nyumba, gwa! "Tipangane pamaso pa mwanayu. Soya wa chaka chino akadzaza beseni langa lochapirali, munda ukhala. Akapanda kudzaza, simenti."

A Belu anayang'ana beseni, n'kuyang'ananso chipewa chawo. Anavomera, poti panalibe pothawira.

M'mawa mwake anapita kwa mlangizi wa zaulimi, mtsikana wamawu okweza, zimene zinawakomera. Atamva nkhani yonse, mlangiziyo anatulutsa timapaketi tiwiri. Kena kanali ndi ufa wakuda, kena ufa wotuwa.

"Agogo, umu muli tizilombo tamoyo. Takudati timamatirira ku mbewu. Soya akamera, timalowa m'mizu n'kumanga timibulu, ndipo tikakhala m'menemo timatenga chakudya mu mpweya n'kumadyetsa mbewu yanu. Totuwati ndi mtundu wa bowa wosaoneka ndi maso. Timayala tiulusi m'nthaka, n'kumakatungira mizu madzi ndi mchere wa m'nthaka kutali kumene muzu sungafike."

"Nanga malipiro awo?"

"Mbewu imatigawira shuga wake. Basi."

"Alimo angati?"

"Mamiliyoni, agogo."

A Belu anavula chipewa. Mpingo wawo ngakhale pa tsiku la chikondwerero sunkadzaza mabenchi akumbuyo, ndipo apa anali atanyamula m'dzanja limodzi khamu ngati mchenga wa kunyanja, logwira ntchito osadandaula, osapempha mpando wakutsogolo. Anaika kapaketi kukhutu.

"Ali chete bwanji?"

"Ali m'tulo. Muwasunge pozizira mpaka mvula igwe. Firiji muli nayo?"

"Ilipo, mwanawe," anatero a Belu mwachisoni. "Koma ili ndi mwini wake."

Mlangizi anafotokoza zina zambiri za tsiku lodzala. A Belu ankagwedeza mutu mwaulemu, koma makutu amene anakhala pansi pa belu moyo wonse ankatola mawu amodzi n'kutaya awiri.

Kunyumba anadikira kuti mayi apite kumsika. Anatenga kachitini kopanda kanthu ka majarini, anaikamo timapaketi, n'kukabisa m'firiji kuseri kwa mkaka. Anaiwala kuti firijiyo inkatsukidwa kawirikawiri kuposa momwe anthu ena amasambira. Lisanafike dzuwa pamutu anamva kuitana.

"Abambo! Tabwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

"Ndi alendo, amayi."

"Alendo ati?"

"Tizi…" A Belu anatsokomola. "Tizilombo. Koma tabwino. Ena ndi abale ake a bowa."

"Chuku!" Mayi Ukhondo anagwira pamtima. "Ine zaka zonsezi kugwada pansi ndi chokolopera, kuthamangitsa zimenezi pansi pa mabedi, lero mwamuna wanga wazitsegulira chitseko n'kuzigoneka pafupi ndi mkaka?"

"Mlendo ndi mame, amayi, sachedwa kukamuka. Ndiponso paja alipo ena analandira angelo osadziwa."

"Angelo amavala zoyera. Awa ndi akuda bii ngati mwaye. Atuluke."

"Adzafa ndi kutentha."

"Ndiye ntchito yanga imeneyo kuyambira kale."

A Belu anatenga timapaketi tawo ngati munthu wothamangitsidwa pa lendi, n'kupita nato ku kanyumba kosungiramo makasu. Anatiika pawindo, pamene panali kamthunzi kabwino ndi kamphepo, kuti alendowo aziona munda umene adzagwiremo ntchito. Mayi Ukhondo anali atatuluka kukataya madzi otsukira firiji, ndipo anamva mawu kuseri kwa khoma. Munthu wogontha akamanong'ona amamveka mpaka kumsewu.

"Pepani, abale anga, musawaone choncho, mtima wawo ndi wabwino. Kungoti sakukudziwani. Inenso kutchalitchi anandiika m'kabati pamodzi ndi chingwe. Tsono inu ndi ine tili ndi kamunda aka basi. Mukandithandiza, m'mawa ndizikhala ndi kolowera. Tiyeni tipemphere."

Anapempherera tizilomboto, anapempherera mvula, anapemphereranso mwini firiji. Atatha anavala jekete n'kupita kukaona wodwala wina wa mumpingo.

Mayi Ukhondo anatsala pabwalo ndi ndowa m'manja. A Belu anali ataona mthunzi wa m'mawa, osakumbuka kuti dzuwa limayenda. Linali litayamba kale kupendeka, ndipo kuwala kwake kunkakwawa pakhoma la kanyumba kaja kulunjika pawindo. Palibe munthu amene ankadziwa tanthauzo la zimenezi kuposa iwo. Kuchipatala ankatulutsa matiresi panja n'kumauza anzawo kuti dzuwa ndi sopo wa Mulungu. Akanangolowa m'nyumba n'kukamwa tiyi, pofika madzulo mamiliyoni onse aja akanakhala atapsa, simenti n'kubwera yokha popanda tchimo la munthu.

Analowadi m'nyumba. Anathira tiyi. Anakhala pansi. Anadzuka n'kusuzumira pawindo. Kuwala kunali kutatsala chikhato chimodzi.

"Si nkhani yanga," anatero kuuza kapu.

Kapu sinayankhe. Anadzukanso, anatsegula kabati, natulutsa nsalu ya pabedi yoyera, yosita, yopinda bwino. Anaiviika m'madzi n'kukaiyanika pachingwe, pamalo enieni amene mthunzi wake unagwera pawindo lija. Dzuwa likasuntha, iwo ankasuntha nsalu. Nsalu ikauma, ankaithiranso madzi. Mphepo itayamba kuiulutsa, anaima n'kugwira m'mphepete ndi manja onse awiri, nkhope atayang'ana kumbali ngati sakudziwa chimene chili kumbuyo kwawo.

A Belu anawapeza ali chomwecho.

"Amayi, nsalu imeneyi simunachape dzana?"

"Inadanso."

"Ili m'kabati?"

"Mwalowa liti upolisi? Munthu wanzeru amakhazika alendo padzuwa? Taonani pamene mwawaika!"

A Belu anayang'ana windo, anayang'ana dzuwa, anayang'ana nsalu, n'kuyamba kudzipukuta m'maso.

"Musayambe zolira," anatero Mayi Ukhondo. "Musaganize kuti ndawakonda. Ine nkhondo yanga ndimamenya pamaso. Sindifuna mawa muzidzauza anthu kuti ndinapambana chifukwa dzuwa linandithandiza. Bweretsani mtsuko uja."

Anakulunga timapaketi m'thaulo lonyowa, natiika mumtsuko, mtsukowo pakona ya khonde pamene dzuwa silifika. M'nyumba ayi. Pambuyo pake anasamba m'manja mpaka sopo anachepa.

Kuyambira tsiku limenelo a Belu ankapereka moni pamtsuko m'mawa uliwonse. Thaulo linkapezeka lonyowa nthawi zonse, ndipo panalibe amene ankafunsa kuti walinyowetsa ndani.

Mvula inagwa yokwanira, nthaka inamwa n'kukhuta. M'mawa mwake a Belu analawirira kukonza phwando la alendo awo. Anakumbukira kuti mlangizi anatchula madzi ndi shuga, zomatira ufa wakuda ku mbewu. Anawiritsa madziwo mpaka kubwadamuka, poti mlendo sapatsidwa tiyi wozizira. Anabwereka beseni lochapira lija n'kulitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo, kuti mwini wake asadandaule. Anayala mkeka pakati pa bwalo, poyera, kuti mbewu zikauma ziume msanga. Anali atagwira kale ketulo yofuka nthunzi pamene Mayi Ukhondo anatulukira pakhomo, mphuno zikununkhiza.

"Imani pomwepo! Madzi owira. Mankhwala. Dzuwa. Abambo, ine ndinkatenga tsiku lathunthu kuti ndichite zimene inu mukufuna kuchita musanadye kadzutsa. Mukufuna kuwapha kangati?"

"Ndimati ndiwalemekeze."

"Ulemu wanu ndi wa kumanda. Ikani pansi ketuloyo."

Anamanga nsalu m'chiuno, napinda manja a bulauzi. Kenako anaima kaye, maso kumwamba, ngati munthu amene wafika pamphambano ya moyo wake.

"Adani amenewa ndimawadziwa ngati ana anga," anatero. "Amakonda chinyezi. Amakonda mthunzi. Amakonda zotsekemera. Amakonda anthu osasamba m'manja ndi sopo. Zonse zimene ndinkaletsa, lero tichita."

Anatsukuluza beseni ndi madzi a mvula a m'mgolo, mobwerezabwereza, mpaka fungo la mankhwala linatheratu. Madzi a shuga anawapepesa pothira uku ndi uku mpaka anazizira. Mkeka anaukokera pakhonde. Anathira soya m'beseni, nawaza madzi a shuga pang'ono, kungonyowetsa khungu la mbewu, ndipo a Belu anatsegula kapaketi kakuda.

Panafunika wosakaniza. Manja a a Belu anali akununkhabe mankhwala aja. Magolovesi a mayi nawo ankanunkha chimodzimodzi. Awiriwo anayang'anizana.

"Ambuye, tembenukani kaye," anatero Mayi Ukhondo. Anatsinzina, napisa manja awo oyera m'beseni mpaka m'zigongono.

"Mukuwamva?" anafunsa a Belu.

"Khalani chete."

"Akuyabwa?"

"Ndati khalani chete, ndingakupakeni kumaso."

Anasakaniza mpaka mbewu iliyonse inavala malaya akuda. Anaziyala pamkeka mumthunzi kuti zingouma pang'ono. Zinayenera kulowa m'nthaka tsiku lomwelo. Koma mitambo inali itang'ambika, dzuwa litatuluka lolusa ngati labwera kudzabwezera za tsiku la nsalu lija, ndipo m'mundamo munalibe mtengo ngakhale umodzi.

Mulungu sasowa njira. Panthawi yomweyo amayi a kwaya ankadutsa pamsewu kupita kokaphunzira nyimbo, aliyense ndi ambulera yake poopa mvula. Mayi Ukhondo anaima pachipata, manja akuda ali m'mwamba.

"Alongo anga, lowani! Tsegulani maambulera! Pali odwala ofunika mthunzi!"

Mawu amene kale ankachotsa anthu m'khonde la chipatala pofuna kukolopa sanali oti n'kutsutsana nawo. Amayiwo analowa, ndipo zofunsa anafunsa ali kale pamzere.

Ulendo unayamba. Patsogolo a Belu, akutsegula kamzere ndi khasu n'kumawaza ufa wotuwa pansi pake. Pambuyo pawo Mayi Ukhondo, akuponya mbewu n'kukwirira nthawi yomweyo ndi phazi. Amayi awiri ananyamula beseni, ena onse atawazungulira ndi maambulera, kuyenda mowerama, pang'onopang'ono. Amayi a kwaya sangayende pamzere osaimba. Wina anayambitsa nyimbo yofatsa ya wofesa mbewu, ena n'kulandira, ndipo a Belu anapempha kuti atsitse mawu poti alendo angodzuka kumene. Munthu wina wodutsa pa njinga anatsika, navula chipewa, n'kudutsa akukankha njingayo mwaulemu.

Lole inaima pachipata. Mwana uja anali atabwera ndi matumba a simenti, poti zotsatira ankazidziwa kale. Ataona maambulera ndi kumva nyimboyo anathamanga, mtima uli m'mwamba.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe," anayankha mayi ake osadzutsa mutu. "Ndipo tikufuna asamwalire. Gwira ambulera iyo, mkono wa mayi awa watopa."

"Amayi, manja anuwo! Mapazi anuwo! Mwadwala?"

"Ukandifunsanso ndikupatsa moni wa m'manja."

Anagwira ambulera. Simenti anaitsitsa pambuyo pake n'kuiunjika m'kanyumba ka makasu, ndipo inakhala m'menemo nyengo yonse ngati mboni yodikira mlandu.

Soya anamera. Masabata oyamba anali wotumbululuka, ndipo a Belu ankayenda ngati munthu wosala kudya. Kenako, pang'ono ndi pang'ono, masamba anayamba kuda, kubiriwira kwenikweni kumene kamundako kanali kasanakuonepo. Maluwa atayandikira, mlangizi anabwera kudzaona. Anakumba chitsinde chimodzi mosamala n'kugwedeza dothi. Mizu inali mbwee timibulu ngati mikanda.

"Mayo, zotupa!" anafuula Mayi Ukhondo, amene anati angobwera kudzatenga ndowa. "Ndinanena ine. Tawadwalitsa."

"Ayi, amayi, izi ndi nyumba zawo." Mlangizi anaswa kambulu kamodzi ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira. "Mukaona mtundu uwu, ndiye kuti ali pantchito."

"Nanga a bowa aja ali kuti?" anafunsa a Belu.

"Amenewo simungawaone, agogo. Muwadziwira ku zipatso."

"Ngati akhristu enieni," anatero a Belu mokhutira. Anapepesa kwa a m'nyumba yoswedwayo, ndipo chitsinde chija anachibwezera m'nthaka n'kuchithirira, ngakhale mlangizi anawauza kuti sichingagwirenso.

Tsiku loyeza linafika soya atauma, atapunthidwa ndi kupetedwa. Beseni linaikidwa pakhonde. Mwana anabwera, makiyi a lole akulira m'thumba. A Belu anavala jekete la Lamulungu. Anathira thumba loyamba, soya n'kufika pakati. Anathira lachiwiri. Anakutumula matumba onse awiri, anatembenuza chipewa, anapisa m'matumba a jekete n'kupezamo njere zingapo. Chinali chozizwitsa poyerekeza ndi chaka chapitacho. Koma pakati pa soya ndi mlomo wa beseni panatsala mpata wokwana chala.

Mwana anagwada, nayang'ana chammbali ndi diso limodzi.

"Pepani, ababa. Mwayesetsa ndithu. Koma silinadzaze. Ndipo tikaligwedeza litsikanso."

"Ukaligwedeza ndikugwedeza iwe," anatero mayi ake.

A Belu anayang'ana kumunda, kumene mamiliyoni aja anali akadali m'nthaka kudikira chaka china, ndipo anayamba kupinda matumba aja mwadongosolo, monga momwe anaonera anthu akupinda chingwe cha belu.

Mayi Ukhondo analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula mitanda iwiri ya sopo wochapira, yaitaliyaitali, yatsopano. Pamaso pa onse anaikankhira m'kati mwa soya, umodzi uku, wina uku, mpaka inamira. Soya anakwera, anafika pamlomo, ndipo njere zina zinagwera pansi n'kugubuduka.

"Amayi, kumeneko ndi kubera!"

"Kubera kumachitika mobisa. Iwe ndi maso ako waona. Pangano ndinapanga ndine, beseni ndi langa, ndipo chigulireni silinagwirepo ntchito popanda sopo. Lero liyambe chifukwa cha lole yako?"

"Nanga simenti yanga?"

"Umange kachithaphwi pakhomo la kuseri, ndi pokhala pake, kuti bambo ako azitsuka mapazi asanalowe m'nyumba mwanga. Yotsala ukonzere masitepe. Lole uziimika kumene umaimika."

Mwanayo anayang'ana bambo ake kuti amuthandize, koma a Belu anali atagwada kale, akutola njere zogwa zija imodziimodzi, misozi ikutsikira m'ndevu, nyimbo yoyamika ikutuluka mokweza kwambiri ndiponso mokhota pang'ono.

"Amayi," anatero atamaliza ndime yoyamba, "tsono chaka chamawa, mlangizi akatipatsa alendo ena, kodi m'firiji muja…"

"Pashelefu yapansi," anatero Mayi Ukhondo. "M'chitini chotseka. Asayandikire mkaka. Ndipo chotsani sopo wanga m'soyamo, ndikufuna kuchapa."